A Pepesani ndi kompyuta yonyanyala

Mumsewu mwathu muno munali munthu mmodzi yekha amene ankakakamiza anthu akuluakulu, a ana awo, kupepesa kompyuta. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, tonse tinkangoti a Pepesani.

Amene anazunzika nawo kwambiri ndi alamu awo, mayi a shopu yotaipa ndi kusindikiza ya pakona ija. Chikompyuta chawo cha patebulo chinali ndi khalidwe loipa. Magetsi akangothima n'kuyakanso, waifai yasowa. Osati kufooka ayi, kusoweratu, ngakhale kachizindikiro kake osaoneka. Mafoni a makasitomala akugwira bwinobwino, icho chili duu ngati sichinamvepo za intaneti.

Ndiye a Pepesani ankatulukira, manja kumbuyo ngati dokotala.

"Alamu, mwachilakwiranso."

"Ine? Amathimitsa magetsi ndine?"

"Icho sichidziwa zimenezo, chimangoona inu. Wina atakudulani pakamwa nkhani ili mkati, simunganyanyale? Kungoti wokudulani inu pakamwa sanabadwe."

Akatero ankazula pulagi kukhoma, n'kukanikiza chala cha mayiwo pa batani loyatsira. "Musachotse. Yambani." Mayi wolemekezeka, makasitomala akuonerera, ankayamba: pepa chifukwa cha fumbi, pepa ndinakutayira tiyi, pepa ndinakutcha chitsulo chachabechabe. Akafupikitsa, a Pepesani ankapukusa mutu. "Sizinachokere pansi pa mtima. Bwerezani." Pulagi ikabwerera, waifai ija ndi iyi.

Tsiku lina mayiwo kulibe, a Pepesani anapepesetsa wapolisi wobwera kudzasindikiza zithunzi. Mpaka anamuvulitsa chipewa! Mayiwo atamva anapsa mtima zedi. "Mundimangitsa inu!" A Pepesani amvekere, "Akamanga amanga kompyuta, ndiyo inayamba."

Mwezi watha a Pepesani anatisiya, atangodwala pang'ono. Maliro atangotha, magetsi anachita zawo zija. Shopu inali yodzaza, ndipo tsidya la msewu mwini shopu yatsopano yosindikizanso anali ataima pakhomo, akumwetulira ngati wayitanidwa ku ukwati. Mayiwo anazimitsa, kuyatsa, kuzimitsanso. Palibe. Kasitomala woyamba anatola mapepala ake n'kuwoloka. Wachiwiri anayamba kusuzumira kunja.

Anazula pulagi, anadina batani, ananong'ona "pepa" wa changu. Analumikiza. Palibe.

Apa ndiye zinawakwana. Anazulanso, chala pa batani, maso kudenga.

"Inu alamu, munthu wopanda chisoni! Zaka zonsezi kundichititsa manyazi pamaso pa anthu, kenako mwangonyamuka osatsanzika! Mkulu wanga mwamusiya ndi ndani? Ambulera yanga munabwereka ija ili kuti? Mpando wanga munauthyola mwendo, munati mukonza mawa, mawa lake ndi liti? Tiyi wanga munkamwa ngati munalima nokha, n'kumanenanso kuti shuga wachepa!"

Anawakalipira mpaka mawu anasasa. Atabwezera pulagi, kachizindikiro kaja kanatulukira, kodzaza bwino. Wachiwiri uja anakhalanso pansi.

Mwana wamkulu wa mayiwo atamva, anaseka. Akuti nkhani si kupepesa ayi. Pulagi ikazulidwa, chala chikakhalitsa pa batani, moto wotsalira m'kati umatha, kachipangizo ka waifai n'kudzuka.

"Ndiye kuti ankadziwa?" anafunsa mayiwo, manja m'chiuno. "Ankadziwa, n'kumandipepesetsa chitsulo? Mbava ya munthu! Akanakhala moyo ndikanamupha ndekha!"

Masiku ano magetsi akathima, palibe amatulukira manja kumbuyo. Msewu umangoti zii, tiyi amazizira m'kapu. Mayiwo akudziwa bwino kuti kungodina batani kwa kanthawi ndithu n'kokwanira, popanda mawu. Koma akazula pulagi n'kuika chala pa batani, amayambira pa ambulera, amafika pa mpando, amawauzanso malemuwo za mkulu wawo ndi za ana. Mpando wothyoka uja sanautaye. Makasitomala timangodikira, palibe amawadula pakamwa.