A Genzo ndi Matayala Akutsogolo

Aliyense m'mudzi mwathu ankadziwa kuti ukapita ndi galimoto kwa a Genzo Abiko, uyenera kukhala pomwepo n'kumaiyang'anira ngati mwana wokwawa. Ukangoti ndikagule kaye fodya, pobwera upeza zinthu zasintha. A Genzo ankadana ndi galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Ikamadutsa pamsewu ankaitsatira ndi maso achisoni, ngati mmene munthu amayang'anira mkazi wabwino wokwatiwa ndi chidakwa.

Ine ndine Fusako. Ndimaphika soba, timizere ta ufa todyera mumsuzi, m'kanyumba kanga kodyera, moyang'anizana ndi galaja yawo, ndipo ulaliki wawo ndinaumva mpaka kuuloweza.

"Fusako, tamvera. Matayala akutsogolo ntchito yawo ndi kuloza njira. Akumbuyo ntchito yawo ndi kukankha. Basi! Ndiye wina wovala tayi kufakitale uko akuti ayi, akutsogolo aziloza njira uku akukoka. Iweyo ungamadule anyezi uku ukutsuka mbale?"

"Ndimatero tsiku lililonse."

"N'chifukwa chake msuzi wako umamveka sopo."

Koma mbale ankaimaliza, n'kupempha ina.

Vuto linali lakuti kuno kumapiri a Yamagata chipale chofewa chimagwa mpaka kukwirira mazenera, choncho pafupifupi aliyense amagula galimoto yokoka konsekonse. Kwa a Genzo, mudzi wonse unali chipatala chodzaza odwala osadziwa kuti akudwala. Mankhwala awo anali amodzi. Ankaikweza pa jeke, n'kuzula mashafiti awiri, zitsulo zozungulitsa matayala akutsogolo, kenako n'kuwotcherera difu ya pakati, yomwe imagawira matayala mphamvu, kuti mphamvu yonse izithamangira kumbuyo. Mashafitiwo ankawapachika pakhoma ngati nsomba zoyanika. Akatero ankapukuta manja, n'kuisisita galimotoyo pamphuno. "Wachira, mwanawe. Pita."

Anyamata okonda kusereretsa magalimoto chammbali ankachokera kutali ngati ku Sendai, kudzawerama pakhomo n'kumawatchula kuti aphunzitsi. A Genzo ankawathandiza, koma mopanda chimwemwe. "Wobwera yekha ndi wochira kale," ankatero. "Ine ndimafuna wokana mankhwala."

Mmodzi mwa okana mankhwalawo anali a Jikai, ansembe a pakachisi wathu, munthu wofatsa woyenda ngati wasenza madzi. Anasiya galimoto chifukwa babu lolozera kokhotera linafa, iwo n'kupita ku mwambo wina kwa masiku awiri. Atakaitenga kunali mvula. Pokhota pafupi ndi munda wa mpunga wa a Numazawa, galimoto inazungulira kawiri n'kulowa m'mundamo chambuyo, mwaulemu ndithu, ngati ikuikidwa m'galaja. A Numazawa anaikoka ndi thirakitala. Ansembe anabwera wapansi, mkanjo uli matope okhaokha, ndipo tonse tinatuluka kuti tikaone ndewu.

"A Genzo, ine ndinabwera ndi babu lakufa."

"Silikuyaka kodi?"

"Likuyaka. Limayaka ngakhale pansi pa madzi."

"Eya, ntchito yanga imeneyo. Munaponda mafuta muli pakati pokhota?"

"Ndinaponda."

"Ndiye munamva bwanji?"

Matope ankangodontha kuchoka m'manja mwa mkanjo. Ansembe anayankhula motsitsa mawu. "Pamene inkazungulirapo, m'mutu mwanga munalibe ganizo ngakhale limodzi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupinda miyendo pansi n'kumasinkhasinkha, kufunafuna zimenezo."

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse masana kuseri kwa kachisi kunkamveka timiyala tikuuluka, ansembe akusereretsa galimoto yawo. A Numazawa nawo anasiya kumasula tcheni pathirakitala. Akamva injini ikulira kenako n'kukhala zii, ankangoika kapu ya tiyi pansi n'kufunsa akazi awo kuti, "Kwamvekera mbali iti?"

Galimoto imodzi yokha ndi imene a Genzo sankaigwira: kathiraki koyera ka akazi awo, a Shizue. A Shizue ankalima kabichi ndi maapozi, ndipo kathirakiko kanali miyendo yawo. Anali mayi wamfupi, wa mawu oti akakalipa kumunda, agalu a kutsidya la mtsinje ankalowa m'nyumba. Tsiku lomwe anakagula ananeneratu pamaso pa tonse.

"Abambo, mukadzangokhudza pansi pa galimoto iyi, ine ndidzapita kwa mng'ono wanga ku Sakata. Muzidzaphikirana ndi masipanala anu."

"Komatu amayi, kakuvutika. Tamverani mmene kakulirira."

"Kali ndi kachitsulo apa. Ndikakakankha, kamayendera akumbuyo okha, monga mufunira inu. Ndikakakoka, onse anayi. Chikukuwawani n'chiyani?"

"Kachitsulo kameneko ndiye tchimo lenilenilo! Kakadalipo, munthu tsiku lina adzakakoka."

M'mawa uliwonse a Shizue ankagwada n'kusuzumira pansi pa kathiraki asanapite kumunda. A Genzo ankakazungulira patali, manja ali kumbuyo, ngati mphaka pafupi ndi nsomba ya alendo. Kangapo ndinawapeza akukanong'oneza. "Pirira. Tsiku lako lidzafika."

Linafikadi. Chaka china kumayambiriro kwa dzinja la chipale, a Shizue anagonekedwa kuchipatala cha m'tauni kuti awachite opaleshoni ya chiuno. Tsiku loyamba a Genzo anapirira. Lachiwiri anabwera kudzadya atakhala chofulatira zenera. Lachitatu ndinamva jeke ikulira.

Ndinathamangirako ndi chikombe m'manja. "A Genzo! Mwapenga?"

"Ndikungoyang'ana."

"Nanga chitsulo chili m'manja mwanucho?"

Anachiyang'ana ngati akuchiona koyamba. "Chagwa chokha."

Tsiku lokawatenga a Shizue, chipale chinagwa chosaneneka. Ine ndinali pasitolo ya m'munsi mwa chitunda chokwerera kumudzi, ndikugula thumba la ufa. A Jikai ndi a Numazawa analinso pomwepo, akudikira basi yomwe sinkabwera. Tinangoona kathiraki kakubwera, kayamba chitunda, kaima, matayala akumbuyo akungozungulira pamodzimodzi. Kanabwerera chambuyo. Kanayesanso. Kanabwereranso, ulendo uno chammbali, n'kudzaima pamapazi pathu.

A Shizue anatsitsa galasi n'kutipatsa moni, kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Abambo, kokani kachitsuloko."

"Kauma ndi kuzizira."

A Shizue anakakoka okha. Kanakokeka bwinobwino. A Genzo anaponda mafuta, akumbuyo n'kuzungulira, akutsogolo ali phee ngati alendo pamaliro.

A Genzo anatsika msangamsanga, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. "Anzanga, kwerani kumbuyoku. Msanga! Pakufunika cholemera. Fusako, iwe khala pamwamba pa tayala lakumanzere, ndiwe wonenepako."

"Mwati chiyani?"

"Ndati ndiwe wofunikako. Bwera ndi ufa wakowo."

"Abambo," anatero a Shizue, mawu ali ozizira kuposa kunjako, "anthuwa akukwereranji?"

"Abwera kudzakuchingamirani, amayi. Akusowani kwambiri."

Tinakwera chitundacho ngati njoka yoledzera. Mphuno ikaloza kumtsinje, matako aloza kuphiri. A Genzo ankatulutsa mutu n'kumakuwa, "Kumanzere nonse! Kumanja! Dumphani!" Ife n'kumadumpha. A Numazawa ankatukwana makolo a munthu aliyense amene anapangapo tayala. Ansembe anali atatseka maso, akumwetulira. Thumba langa linaphulika, moti tinafika pamwamba tili oyera kuposa msewu.

Pakhomo, a Shizue anatsika ndi ndodo yawo. Kugwada sakanatha. "Fusako, tandisuzumirira pansipo."

Ndinasuzumira.

"Ukuona chiyani?"

"Ndi... ndi paukhondo kwambiri, mayi."

Sanakalipe. Zimenezo ndi zimene zinatiopsa tonse. Mawa lake m'mawa kunabwera takisi, ndipo a Shizue anapita ku Sakata.

A Genzo anaseka tsiku limodzi lokha. "Abweranso, aiwala mankhwala awo a chiuno." Koma mankhwala anali atatenga, pamodzi ndi mpoto wophikira mpunga ndi chithunzi cha amayi awo. Apa m'pamene bambo uja anachita chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire: anaganiza zobwezeretsa mashafiti. Tsoka lake, pakhoma paja panali mashafiti a mudzi wonse, ndipo sankalembapo kuti awa ndi a yani, poti munthu sulemba dzina pa dzino limene wazula. Anatsitsa awiri, atalika. Ena awiri, afupika. Ena akulowa mbali imodzi, mbali ina akukana. Anatsitsa khoma lonse n'kuyala pansi mpaka pamsewu. Ndevu zinamera. Kwanga ankadya theka la mbale, ndipo za sopo sankazitchulanso.

Patapita milungu ingapo foni yanga inalira. Anali a Shizue.

"Akudya?"

"Theka."

"Akufunabe mashafiti aja?"

"Afika poyesa a thirakitala."

"Sawapeza. Ali kuno, pansi pa bedi la mng'ono wanga. Ndinawapaka utoto wa m'zikhadabo tsiku lomwe ndinagula galimotoyo, kuti ndidzawazindikire. Ukuganiza kuti ndinakwatiwa dzulo? Wa takisi ndiye ananditsitsira pakhoma paja. Uwauze kuti akawafuna, njira ya ku Sakata akuidziwa."

A Genzo anameta, anavala suti yawo imodzi yokha, ya pamaliro, n'kukwera sitima. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi mng'ono wa a Shizue, yemwe ankamvetsera kuseri kwa chitseko. Akuti a Genzo anagwada mpaka chipumi kugunda pansi.

"Ndinalakwa, amayi."

"Munalakwa chiyani?"

"Ndinagwira galimoto yanu."

"Zimenezo ndikudziwa. Nenani kuti kukoka ndi matayala anayi n'kwabwino."

Akuti tiyi anafika pozizira. Kenako mawu anatuluka ngati akuzulidwa ndi pulayala. "M'chipale... nthawi zina... kwa anthu ena... kumathandizako."

"Anthu ake ati?"

"Inuyo. Inuyo nokha. Bwererani kunyumba, Shizue. M'nyumba muja simukumveka kanthu."

Anabwerera limodzi, a Genzo atafukata mashafiti okulungidwa m'nsalu ngati khanda. Anawabwezeretsa atatseka chitseko cha galaja kuti wina asaone. Tonse tinali kwanga, makutu ali kuzenera. Tinkamva sipanala, kenako kumina, kenako sipanala.

Musaganize kuti anasintha. Anakhala zaka zina zambiri, ndipo anamwalira ali chagada pansi pa galimoto ya mphunzitsi watsopano wa pasukulu, yemwe tonse tinaiwala kumuchenjeza. Mapazi awo tinawaona atatulukira kunja masana onse, tinkangoti ntchito yakula. A Shizue ndi amene anapita kukawakoka mwendo kuti adzadye. Shafiti imodzi inali itazulidwa kale, ili pachifuwa pawo. Mphunzitsi uja analira kuposa tonse, ndipo sitinafunse kuti akulirira chiyani.

Tsiku la maliro msewu unali woterera ngati galasi. Galimoto yonyamula bokosi inachokera m'tauni, woyendetsa wake mlendo wovala magolovesi oyera. Potuluka pachipata, matako a galimotoyo anaserereka pang'ono, pang'ono pokha, n'kuwongokanso. Woyendetsayo anaima, natsika nkhope ili yotuwa, n'kuyamba kuwerama kupepesa. Anadabwa kuona anthu ovala zakuda akuwomba m'manja, ena akuseka misozi ili mbwembwembwe. A Shizue anamuyandikira ndi ndodo yawo. "Osapepesa, mwananga. Si iwe, ndi amuna anga. Bwerera m'galimoto, ugwiritse chiwongolero. Sanafike kumanda."

Tsopano magalimoto m'mudzi muno amayenda mowongoka. Anthu amafika kumene akupita pa nthawi yake, zovala zili zouma, ndipo akalowa kwanga amangoti kunja kukuzizira, n'kudya mwakachetechete. Galaja inatsekedwa. Kutsidya kwa msewu kulibe choyang'ana, moti mpando wanga ndinautembenuza.

A Shizue amabwera masana aliwonse. Miyezi yoyamba ankangokhala, kudya, kuthokoza, n'kumapita, mawu ali ang'onoang'ono ngati a munthu wina. Tsiku lina dzanja linanditerera, ndinathira mchere wambiri mumsuzi. Atangolawa anamenya tebulo.

"Fusako! Ukufuna kundipha? Zaka zonsezi sunaphunzire kuphika? Amayi ako akanaona izi akanakuthamangitsa ndi tsache!"

Anandikalipira mpaka makasitomala ena anathawa osamaliza kudya. Potuluka, masaya awo anali ofiira, ndipo ndodo anaiiwala pampando.

Kuyambira tsiku limenelo, kamodzikamodzi pamlungu, dzanja limanditerera.