Tsiku Lomwe Ndinagonjetsa Kwaya ya Amayi

Mpaka lero ndikamadutsa pa tchalitchi chathu ku Dowa Boma, ndimapalasa njinga mwamphamvu ngati ndasiya nyemba pamoto. Lekani ndiulule chifukwa chake.

Pa mpira wa pa gemu ine ndine katswiri (sikudzitama ayi, kafunseni ku Dzaleka komwe timakapikisana). Zaka zitatu ndakhala ndikupinda zala pa timabatani tija, moti anzanga akandiona ndikulowa amayamba kukanirana woti ayambe nane.

Ndiye achemwali anga, omwe amaimba kiyibodi m'kwaya ya amayi, anaitanidwa ku Lilongwe kukayesedwa ntchito. Tsoka ilo, tsiku lomwelo, Loweruka, kwayayo imayenera kuimba pa ukwati wa mwana wa abusa.

"Kiyibodi ndi mabatani basi," ndinatero. "Ndisiyireni ine."

Achemwali anavomera monyinyirika. "Chabwino. Koma pakati pa nyimbo yolowera akwati pali mzere wovuta. Uubwereze pang'onopang'ono mpaka zala zizolowere. Ndipo uzimvetsera oimba, wamva?"

Pang'onopang'ono? Ku gemu wochedwa amamwetsedwa zigoli. Choncho ndinayeserera mmene ndimadziwira: kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ulendo uliwonse mwaliwiro kuposa wapitawo. Mzere wovuta uja ndinkangouzemba ngati wotchinga kumbuyo. Kokonzekera kwaya sindinapondeko (ndinati katswiri sataya nthawi ndi zagulu).

Loweruka tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Akwati ndi operekeza awo anaima pakhomo, okonzeka kulowa ndi sitepe yapang'onopang'ono ija. ANaphiri, otsogolera kwaya, anakweza dzanja, tinayamba. Mzere woyamba unayenda bwino zedi, mpaka ndinakweza mapewa.

Kenako ndinamva kuti amayi atsalira pang'ono kumbuyo kwanga. Apa ndi pomwe panalakwika. Munthu wa gemu akaona mnzake watsalira samudikira, amawonjezera moto. Ndinawonjezeradi. Amayi anayesa kundithamangira, ena ali wefuwefu. Operekeza akwati, poti amatsatira kulira kwa kiyibodi, anayamba kuyenda ngati akuthawa mvula.

Posakhalitsa mzere wovuta uja unatulukira. Zala zinasokonekera. Chala chachikulu, mwachizolowezi chake, chinafunafuna batani loimitsira masewero, n'kudina lina lofiira. Ng'oma za dansi zinaphulika tchalitchi chonse! Mwana wina kumbuyo anayamba kuvina, mayi ake n'kumukhazika pansi ndi diso lokha. Ine osaleka, ndinangothamanga mpaka kumapeto, n'kuzimitsa, n'kukweza manja m'mwamba.

Amayi anali akadali pa ndime yachiwiri.

ANaphiri sananditembenukire n'komwe. Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, amayi n'kubwerera m'malo mwake, n'kumaliza nyimbo yonse ndi pakamwa pokha. Inakoma kwambiri, ndipo n'zimene zinandipweteka koposa. Ndinakhala pampando paja ngati nkhuku yonyowa, maso ali pa nsapato.

Titatuluka, ANaphiri anabwera n'kundigwira chanza mwaulemu wonse.

"Mwawina, bambo," anatero. "Koma tiuzeni, mumapikisana ndi ndani?"

Zala zinalidi zachangu, koma ndinaziphunzitsa kuthawa anthu, pomwe nyimbo imafuna kuyenda nawo limodzi.

Pa anthu onse aja, mmodzi yekha ndiye anandithokoza: mkwati. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti nsapato zatsopano zimamuthina koopsa, ndipo ndamufupikitsira ulendo.