Nangula wa Bambo Anga

Mpaka lero ndikamadutsa pakhomo pa a Saidi ndimayang'ana kumbali ngati wina wandiitana. Sikuti tinayambana, ayi. Ndi nsanje basi, ndipo ndikuivomera.

Bambo anga atamwalira anandisiyira ampulifaya imene anabwera nayo kuchokera ku Joni ine ndisanabadwe. Chinthu chakuda bii, cholemera ngati thumba la simenti, chosalira n'komwe. A Saidi, aneba anga okonza mainjini a maboti, ataifuna ndinawagulitsa pamtengo wa usipa, n'kuwaseka: "Tengani, mukapange nangula wa boti."

Ine ndinakwera minibasi wa ku Lilongwe kukagula yamakono. Yopepuka, ya rimoti, timagetsi tofiira ndi tobiriwira tikuthamangitsana kutsogolo, nyimbo kumangozikoka pafoni popanda waya. Pakatoni analemba kuti mphamvu yake ndi mawati zikwi zisanu (yakale ija kumbuyo kwake analemba makumi asanu ndi limodzi okha, ndiye tandiuzani, inu mukanasankha iti?).

Sabata isanathe ndinamva gu! gu! gu! kuchokera kwa a Saidi, mpaka malata anga kunjenjemera. Akuti anangosintha fyuzi. Fyuzi! Mkazi wanga, amake Tadala, anasiya kuchapa n'kunena kuti, "Koma iyi ndiye ikulira, ikuchita kufika mumtima." 

Kenaka kunabwera chinkhoswe cha mlamu wanga Esinati, mwamuna wake wa ku Chitala. Apongozi anati akabwereke ya a Saidi. Ine ndinadziguguda pachifuwa pamaso pa ankhoswe onse: "Amayi, mkamwini muli naye, mukapemphenso kwa eni? Yangayi ikalira, otsala ku Chitala akavinira komweko."

Tsikulo dzuwa linali la Okutobala, lija lofewetsa mapatapata. Ndinalumikiza masipika anayi akuluakulu obwereka kutchalitchi, n'kupotokola voliyumu mpaka kumapeto. Nyimbo ziwiri zinayenda bwinobwino. Akuchikazi atayamba kutulutsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuti akuchimuna aloze wawo, ampulifaya inangoti zii. Kuigwira, moto. Ndinalanda lichero kwa mayi wina n'kuyamba kuikupiza (tayi ali m'khosi, thukuta lili kamukamu). Inadzuka, amayi n'kululutira. Mtsikana wachiwiri asanafike pabwalo, ziinso.

Apa mpomwe nzeru za kunyanja zinandipweteka. Kwathu kuno chinthu chikafuna kuwonongeka ndi kutentha timachiika pa ayezi. Ndinathamangira kwa mayi wogulitsa chambo kumsewu, ndinapempha chibuma cha ayezi, n'kudzachikhazika pamwamba pa ampulifaya, penipeni pa timabowo totulutsira mpweya. Inalira ndithu, ine n'kuwaponyera diso a Saidi kuti aone. Ndiye Esinati weniweni akutuluka m'nyumba movina, panamveka thu! Kautsi tolo, fungo la pulasitiki losakanikirana ndi la chambo.

Mwana wa eni anaima pakati pa bwalo, chitenje kumutu, osadziwa kaya apitirire kaya abwerere. Azakhali a mwamuna anafunsa mokweza kuti aliyense amve: "Paja ndi imeneyi amati otsala kwathu avinira?"

Apongozi sanakalipe. Anangoti, "Bambo a Tadala, pitani."

A Saidi anandiperekeza mwaulemu kunyumba kwawo kukatenga ampulifaya ija, n'kundiuza kuti wilibala yawo inaphwa tayala. Ndinaisenza pamutu ampulifaya ya bambo anga, kudutsa nayo pakati pa anthu onse aja, khosi likulira. Inaimba mpaka alendo kubalalika, kuigwira ili fuu pang'ono chabe. Anthu ankathokoza a Saidi. Ine ndinkapinda mawaya.

M'mawa mwake ndinapita kukagogoda. "A Saidi, ndibwezereni pamtengo uliwonse. Ndi chikumbutso cha malemu bambo."

"Wallahi ndikukumvetsani, achimwene," anatero akupukuta girisi m'manja. "Koma munthu ukapeza nangula wabwino sugulitsa. Mukafuna kuwakumbuka bambo, muzingotsekula zenera."

Phunziro ndinalitola, koma nsanje sinathe. Loweruka lililonse ikayamba kugunda, ine ndimatseka zenera. Amake Tadala amadzatsekula.