Kalata Yofunsira Ntchito Imene Inasochera

Mkazi wanga amati nkhani iyi ndiziifotokoza yonse, osangoyambira pamene anthu anayamba kundigwira chanza. Chabwino. Lero ndiyambira pamene ndinatsala pang'ono kutaya ntchito ndi mapepala omwe chifukwa cha chala chimodzi.

Zaka zimenezo tinkakhala ku Thamesmead, mu London. Iye anali namwino, ine kalaliki pa kampani ina ya mahelikoputa onyamula anthu okakumba mafuta pakati pa nyanja. Ofesi yaikulu inali mu London, koma mabwalo a ndegezo anali kutali kumpoto. Ntchito yanga inali kukonza rota, ndandanda yonena kuti payiloti uti auluka liti, makaniko uti agwira liti. (Anzanga akafunsa ndinkangoti "ndili ku mahelikoputa", n'kukhala chete. Amene ankaganiza kuti ndimaulutsa, zinali zawo. Sindinakwerepo n'kamodzi komwe.)

Pakampanipo anthu anali atagwa ulesi. Malipiro anali atauma kwa zaka. Mapayiloti ankaitanidwa pa masiku awo opuma, amakaniko ankamanga injini zala zili gwa m'mashedi amene mahita ake anafa kalekale. Kampani ina yopikisana nafe inkalipira bwino, ndipo kumeneko tsiku lopuma linali lopumadi. Mwezi sunkatha ndisanafufute dzina pa rota: wapita komweko.

Tsiku lina Mwansa, mnzanga wa ku Zambia amene tinkayandikana madesiki, ananong'ona: "Mudala, kuja ku kampani ina ija bafuna muntu wa rota. Lemba manje manje. Koma ine sininakuuze."

Kunyumba mkazi wanga anandichenjeza: "Bambo a Tadala, mulembe mwaulemu. Pemiti yanu yogwirira ntchito kuno ili m'manja mwa kampani imeneyi. Akakuchotsani, tilowera kuti?"

Ndinavomera. Koma pa fomu yofunsira ntchitoyo panali funso lakuti, n'chifukwa chiyani mukufuna kuchoka kumene muli? Abale, funso limeneli safunsa munthu amene wakhala akumeza mawu zaka zitatu. Malo oyankhira anali mizere inayi; ine ndinawonjezera mapepala awiri. Ndinatchula mahita, masiku opuma obedwa, ngakhale tiyi amene anasiya kutigulira. Ndinamaliza ndi mawu amene ndinawakonda kwambiri: mabwana athu amadziwa mtengo wa bawuti iliyonse ya ndege, koma sadziwa dzina la munthu woimanga.

Lachisanu masana, anthu atapita kokadya, ndinanyang'ama kupita pa fakisi, makina aja otumiza mapepala kudzera pa foni. Pamakinapo panali batani limodzi limene ndinkadina Lachisanu lililonse potumiza rota ku mabwalo athu onse ndi ku ofesi ya bwana wamkulu. Maso anali pakhomo kuti wina asandione. Chala chinachita zimene chinazolowera.

Ndinaima pamenepo ndikumwetulira, mpaka ndinadabwa kuti makinawo akuimba nambala, kumaliza, kuimbanso ina. Nditawerenga pa kagalasi kake, ndinaona kuti ndi manambala a mabwalo athu. Ndinagwada n'kuzula pulagi pakhoma. Makina anapitiriza kulira. Ndinali nditazimitsa kompyuta ya sekilitale wa bwana. (Anabwera akutafuna sangweji, ndipo zimene ananena sindingazilembe pano.) Pamene ndinkapeza pulagi yoyenera, kalata inali itafika konse.

Mwansa anandiyang'ana n'kugwira pamutu. "Mudala, wachita chani? Yamba kulonga makapu yako."

Foni yanga inayamba kulira. Woyamba anali payiloti wina wachikulire amene chiyambire sanandipatseko moni. Anafunsa ngati ndine mwini kalatayo. Ndinati mwina. Iye anati aimata pakhoma la chipinda chawo chodikirira, ndipo amakaniko akupanga mafotokope. Wachiwiri anangoseka osanena dzina. Wachitatu anali sekilitale uja: bwana akukufunani tsopano lino.

Bwana wamkulu anali mayi wosakonda zocheza. Mapepala anga anali patebulo pawo, mizere ina itadulidwa ndi cholembera chofiira. Ndinayamba ndi kunamizira makina, kuti akalamba ndipo amachita zawozawo.

"Makina ndi amene analemba izi?" anafunsa.

Ndinati ayi.

"Ndiye ndiuzeni. Ndi zoona?"

Ndinaganiza za pemiti, za mayi kunyumba, za mwana wathu amene anali atangoyamba sukulu. Koma pakamwa panatuluka mawu amene mpaka lero ndimadabwa nawo: "Zonse ndi zoona, bwana, ndipo zina ndinasiya chifukwa pepala linatha."

Kenako anakoka kope n'kunena kuti ndiyambe zimene ndinasiyazo. Ndinakhala m'menemo ola lathunthu. Ndinawatchulira mayina a anthu amene anachoka, mmodzimmodzi, ndi chimene chinamuchotsa aliyense, chifukwa onsewo ankadandaulira ine pofufuta dzina lawo. Potuluka anandifunsa dzina la makaniko wamkulu wa ku bwalo lakumpoto. Ndinawauza. Analilemba.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi, koma chisanu chisanafike mahita anakonzedwa. Anakhazikitsa lamulo lakuti woitanidwa pa tsiku lopuma azibwezeredwa tsiku lina, ndipo mapayiloti ndi amakaniko anawawonjezera kangachepe. Makaniko wamkulu uja atabwera ku London anandifunafuna mpaka pa desiki, n'kundigwira chanza mpaka zala kuwawa. Anati sanaonepo kalaliki wolimba mtima chotere. Ine ndinangogwedeza mutu ngati munthu amene anakonza zonse dala. Mwansa anatsokomola mpaka kutuluka panja.

Ine sanandiwonjezere kalikonse. Chimene ndinalandira ndi chikalata chondichenjeza za kugwiritsa ntchito katundu wa kampani pa zanga, ndi lamulo lakuti rota azitumiza Mwansa.

Nanga kampani ina ija? Ndinadikira yankho lawo milungu itatu, ndikukwiya kuti anthu ake ndi amwano. Ndiye tsiku lina m'basi ndinakumbukira kuti nambala yawo sindinaiimbe n'komwe. Mwa anthu onse a mahelikoputa m'dziko lija, okhawo amene ndinawalembera ndi amene sanawerenge kalata yanga.

Phunziro lilipo: munthu uziyang'ana pamene ukudina. Ndimayesetsa. Koma kunena zoona, ndikanayang'ana tsiku limenelo, bwenzi amakaniko aja akuzizidwabe.