Dramu la Kumbuyo kwa Kalavani

Mpaka lero ndikaona dramu la buluu mtima umandigunda. Koma Mulungu ndi wabwino, palibe anathyoka mwendo.

Kalavani yanga ndi yakalekale, ya matayala awiri okha pakati. Anandisiyira abwana amene ndinkawagwirira ntchito ya m'nyumba (Ambuye awadalitse kumene ali), ine n'kukhazika kutsogolo kwake pa njerwa pakhomo pathu ku komboni ya Mtendere, n'kutsegulamo saluni. Ana anga amaphunzira chifukwa cha saluniyi. Vuto linali madzi otsukira tsitsi, ankatsetsereka mpaka pakhomo pa aneba anga, amake Mwape, mayi wathupi komanso wosaseka.

"Amake Tisa, ino ni nthawi ya kolera," anatero. "Nikaonanso manzi yanu pakhomo panga, niitana ba kanso, ba boma, batseke saluni yanu."

Ndinagula dramu lalikulu la buluu. Alamu anga owotcherera zitsulo analimangirira kumbuyo kwa kalavani, paipi yochokera m'sinki n'kulowetsamo, mpopi pansi. "Muzichotsa manzi daily, mulamu, yalema," anandichenjeza za kulemera kwa madziwo. Ndinavomera. Koma poona kuti pansi pauma, ndinkangoyamika Ambuye. Sabata yonse sindinalikhudze (ndikuulula).

Loweruka kunabwera mkwatibwi. Ndinamupaka mankhwala owongola tsitsi, aja amawotcha ukachedwa kutsuka. Sinki ili kumbuyo, ndiye tonse awiri tinapita komweko. Nditangotsegula madzi ndinamva kwee. Zipeso zinayamba kutsetsereka. Kutsogolo kwa kalavani kunanyamuka pa njerwa pang'onopang'ono.

"Anti, mutu ubaba," anatero mkwatibwiyo, maso ali chitsinzire.

Ndikapitiriza kutsuka, dramu lilemera, tigwa chagada. Ndikasiya, mwana wa eni ake apita ku ukwati ndi zilonda. Ndikatsegula mpopi, madzi a sabata yonse athamangira kwa amake Mwape. Ndinayamba pemphero, koma mawu amene ankatuluka anali "Yesu" basi.

Pazenera ndinaona amake Mwape ataima, manja m'chiuno, akuonerera.

"Aneba, napapata, ngenani munkhale kutsogolo," ndinawachonderera.

"Chifukwa nine wamene nili na thupi yolema, ai?"

Sindinakane. Kunama ndi tchimo.

Anakwinya chitenje, anakwera, n'kukhala pa benchi ya kutsogolo. Kalavani inabwerera pa njerwa, di.

"Manje muyembekeza chani? Sukani mwana asapye," anatero amake Mwape.

Mkwatibwi anapita tsitsi lili see. Madzulo tinatunga madziwo ndi ndowa, ine ndi aneba, kukataya kudzenje, iwo akundikalipira ulendo uliwonse. Ku kanso kuja sanapite kukandinenera.

Alamu anadzaika miyendo yachitsulo kumbuyo, kalavani siingapendekenso. Amake Mwape sindinawauze. Loweruka lililonse amabwera, amakhala pa benchi yawo ija "kuti musagwe", ine n'kuwaluka tsitsi ulere. Dramu ndimalikhuthula tsiku lililonse tsopano. Chabwino, ndinene zoona, masiku amene ndakumbukira.