Njinga Imene Inawakanika a Goliati

A Goliati, okonza njinga a pa Msundwe, anali ndi nthenda imodzi: sankatha kumva tcheni cha njinga chikukhula chitsulo iwo n'kukhala chete. Anali munthu wamfupi, woonda ngati sipoko, dzinalo linangowagwera. Koma khutu lawo linkafika ku Namitete. Njinga ikamabwera pamsewu wa ku Mchinji tcheni chikulira kuti khwee khwee, ankasiya tiyi, kusiya kasitomala, n'kukaima pamsewu mkono uli m'mwamba ngati apolisi.

"Tsika!"

"Ndalakwanji, madala?"

"Iwe sunalakwe. Yalakwa ndi njingayo. Tsika."

Ankaipachika ndi chingwe panthambi ya mtengo wa kesha pomwe ankagwirira ntchito, n'kumapukusa pedulo ndi dzanja, khutu lili pa kachitsulo kokankha tcheni posintha magiya. Pa kachitsuloko pali timabawuti tiwiri: kena kamaletsa tcheni kugwera mkati, kena kugwera kunja. Ankapotoza kamodzi pang'ono, kukunga waya wa magiya, basi. "Pita. Ndipo usamayendetse tcheni chopingasa. Si nkhanu."

Anaimitsapo mkwati, Clement, akuthamangira ku tchalitchi.

"Mkazi akundidikira, madala!"

"Adikire. Tcheni ichi chikugwera pamtunda paja. Ukafika wapansi, ukapeza atakwatiwa ndi wina."

Clement anakwatira suti ili ndi girisi.

Lamulungu lina a Goliati akutsogolera pemphero, njinga inadutsa panja. Anaima pakati pa mawu. "Ambuye, pepani pang'ono." Mpingo unakhala chitsinzinire mpaka anabwerera n'kunena "Ameni" manja ali bii.

Koma panali njinga imodzi imene inawakanika. Mwini wake anali a Gladson, amene kale anali kapitawo pa esiteti ya fodya. Atapuma ntchito, akazi awo atamwalira, anagula pa kaunjika njinga ya mpikisano, ya matayala owonda ndi mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa. Ankakhala okha kumudzi, ndipo sanali munthu woyendera anzake popanda chifukwa. Chifukwa chinali tchenicho. Chinkakhula, ndipo akasintha giya pamtunda chinkagwa. Tsiku lililonse la msika ankafika pansi pa kesha nkhope ili gwaa.

"Mwati ndinu mmisiri, eti?"

"Vuto si njinga, a Gladson. Mumapalasa ngati mukupondaponda dothi la njerwa."

"Konzani, musandilalikire."

A Goliati ankapotoza apa, kupotoza apo, kuitanitsa tiyi, kuyala bawo. Pofika madzulo njinga inkachoka ili zii. Isanafike kumudzi, khwee khwee. A Gladson ankatukwana njira yonse, ndipo msika wotsatira ankabweranso. Zinayenda choncho zaka ndithu. Anthu ankati, "Pitani kwa Luckson, mmisiri wa kutsidya kwa msewu." Iwo ankayankha kuti sachoka mpaka wamfupiyu atavomera kuti walephera.

Sanavomere. Chifuwa chinawagwira a Goliati nthawi yokolola chimanga. A Gladson anapalasa kukawaona kuchipatala. Asanalowe n'komwe, anamva mawu ofooka pawindo: "Uyo ndi Gladson. Ndamumvera patali." Atakhala pambali pa bedi, a Goliati anawagwira dzanja. A Gladson anayembekeza mawu aakulu.

"Musapite nayo kwa Luckson," anatero.

Anamwalira Lachisanu. Pamaliro anyamata a kabaza anadzaza msewu, ndipo panalibe tcheni ngakhale chimodzi chimene chinalira, kupatula cha a Gladson.

A Gladson anapirira mpaka mvula itayamba. Tsiku lina tcheni chinagwa katatu, iwo anatopa, nawolokera kwa Luckson. Luckson anasuzumira, anapotoza kabawuti kamodzi, anakunga waya n'kumanga bwinobwino.

"Yatha, madala."

"Yatha bwanji?"

"Yatha. Kabawuti kogwira wayaka kanangosiyidwa kosamanga. Mukayenda pang'ono waya amakhwepa. A Goliati sakanalephera kuona zimenezi."

A Gladson anakwera. Njinga inayenda ngati ikuyandama. Anasintha giya pamtunda, tcheni chinakwera mano mwaulemu. Sanapite kwawo. Anakhotera kwa a Tisiyenji, akazi a malemuwo, n'kuwapeza akusankha mtedza pakhonde.

"Alamu, amuna anu anali wakuba."

"Anakuberani chiyani? Munawalipirapo?"

Zinali zoona. Sanalipirepo.

"Ndiye ankaisiyiranji yosamanga?"

A Tisiyenji sanadzutse mutu. "Ndinawafunsapo. Anati, 'Ndikaikonza, Gladson akatsekera chitseko kumudzi kuja, tidzangomva kuti wanunkha.' Tsiku la msika ankadzuka msanga kukagula shuga. Inu mumathira masupuni ambiri."

A Gladson anakhala pansi. Anasankha nawo mtedza kanthawi, koma ankataya wabwino n'kusunga woola, mpaka a Tisiyenji anawalanda lichero.

Pa Msundwe masiku ano njinga zimadutsa zikulira mmene zikufunira. Palibe woziimitsa. Panthambi ya kesha chingwe chija chikadalipo, ndipo pemphero m'tchalitchi limatha msanga.

Msika wotsatira a Gladson anafika pansi pa mtengowo. Anapachika njinga, anatulutsa sipanala m'thumba, anamasula kabawuti kaja pang'ono. Luckson anawaona ali kutsidya.

"Madala, mukuiwononga!"

"Yang'ana zako."

Anakwera, nalowera njira ya kumanda. Asanapite patali tcheni chinayamba: khwee, khwee. Anapalasa pang'onopang'ono, kuti wamfupi uja awamvere patali.