Ndege Yosamanga Mchira

Pulani inabadwira m'bala, patebulo lapakona lochirikiza mwendo ndi katoni. Anaibereka ndi Tayi, mkulu wa gulu, yemwe ankavala tayi ngakhale popita kokaba. Ati ntchito iliyonse imafuna ulemu.

"Mdala Phee, makaniko wopuma uja, ali ndi kandege koseweretsa," anatero. "Kali ndi injini yeniyeni. Wogula ndamupeza kale."

Mafupa, waliwiro wa gululo, anaseka. "Ndimamuonera kubwalo la mpira. Asanalize injini amayamba wakamanga mchira pachikhomo ngati mbuzi."

"Ndi ukalamba umenewo," anatero Tayi.

Wachitatu patebulopo, wometa tsitsi, sanaseke nawo. Iye sanali mbava, anangokwatira mlongo wa mbava. Chuma chake chinali kachipinda kometera ndi galasi lalikulu lakukhoma, limene ankalisamala kuposa nkhope yake.

"Inu alamu simugwira kanthu," Tayi anamulimbitsa mtima. "Mungotisungira katundu."

Masana ena mdala atapita kumsika, Mafupa analumpha mpanda n'kutenga ndegeyo ndi bokosi la zida. Pashelefu panali kabokosi kena ka mlongoti. Anakatsegula, sikanaimbe nyimbo, anakasiya.

"Wailesi yakufa," anauza anzake. Koma n'kamene mwini ankachepetsera ndi kuzimitsira injini.

Ndege itafika kometera, wogula anaimba foni. Ankafuna kumva injini ikulira asanavutike kubwera.

"Muno ayi," anatero wometa.

"Ndiye tikalizire pamsewu, alamu, aliyense aone?"

Anatseka chitseko ndi zenera. Anaika ndege pansi, mphuno italoza galasi. Tayi anakankha kachitsulo ka mafuta mpaka kumapeto kuti injini imwe bwino. Mafupa analumikiza kabatire pamutu pa injini monga anaonera kubwalo.

"Osaimanga kaye?" anafunsa wometa.

"Amuna atatu athunthu, kuopa chidole?" anatero Mafupa.

Tayi anawerama kutsogolo kwa ndegeyo n'kuzunguza pulopela ndi kamtengo.

Injini inakuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Pulopela inameta tayi n'kusiya kachidutswa pakhosi. Ndege inanyamuka kulunjika galasi, wometa anadziponya chafufumimba n'kuigwira mchira. Tayi ndi Mafupa anagwira phiko aliyense. Tsitsi lonse lapansi linauluka. Utsi wa mafuta unadzaza chipinda n'kumawamatirira kumaso.

"Zimitsani, alamu!" anakuwa wometa.

"Pozimitsira ndi pati, Mafupa?" anafunsa Tayi.

Mafupa anakumbukira wailesi yakufa ija, n'kungogwiritsitsa phiko.

Panalibe wotha kusiya. Wometa akanasiya, galasi likanapita. Enawo akanasiya, pulopela ikanatembenukira m'miyendo mwawo. Utsi utamutsamwitsa, wometa anatambasula mwendo n'kukankha chitseko.

Panja panali anthu a msewu wonse. Kutsogolo kwawo kunaima Mdala Phee, thumba la kumsika lili m'manja. Mawu a injini yake ankawadziwa.

Anauza anthu ndi dzanja kuti asunthire kumbuyo. Analowa modzera kumchira, kutali ndi pulopela, n'kukhala pampando wometera.

"Adala, zimitsani tikambirane ngati akuluakulu," anachonderera Tayi.

Mdala anasuzumira m'thanki, anaona mafuta akadalimo, anapinda manja.

"Bambo, mikono yanga yatha," analira wometa. "Ine ndimangosunga."

"Sungani," anatero mdala.

Anasungadi, mpaka apolisi anafika. Pamenepo mdala anadzuka, anatsina kapaipi ka mafuta ndi zala ziwiri, injini n'kukhala chete. Anapukuta tsitsi pamapiko, anayang'ana wometa ali chigonere pansi.

"Chikhomo chabwino," anatero, n'kutuluka ndi ndege yake.

Galasi silinakalike n'komwe. Linali loyera bwino, moti wometa anadzionera yekha mmene unyolo unamukhalira, ndevu za makasitomala ake zitamumera nkhope yonse.